Uthenga wa Wayilesi

"Ndiye kuti m'nyumba muno aliyense akudziwa, wosadziwa ndi ine ndekha mwini khomo?"

Mmisiri, monga anthu ankamuitanira wowotcherera zitsuloyu, anaima pakati pa balaza, nsapato imodzi kuphazi, ina m'manja. Mkazi wake sanasiye kupukuta tebulo, ngakhale kuti tebulolo linali litayera kalekale.

"Ndikanakuuzani, mukanalola?"

"Sindikanalola! N'chifukwa chake munayenera kundiuza. Mwana wanga wachisamba kumamutengera kuchipatala mwakabisira, kukachipinda ka kuseri kaja anthu amati n'ka amisala?"

"Si ka amisala, bambo a Chisamba. N'ka uphungu. Mayi amene amakhala mmenemo ntchito yake ndi kuthandiza achinyamata ndi makolo awo. Ndipo wanena kuti ulendo wotsatira mubwere inunso."

"Phungu? Aphungu amene ndimawadziwa ine ndi aja amabwera nthawi ya chisankho, kenako osawaonanso. Ndipite ndikamuyalire mlendo za m'nyumba mwanga? Akandiphunzitse kulera iyeyo? Ali ndi ana angati?"

Mayiyo anaponya kansalu patebulo.

"Mwanayu sadya. Kusukulu anasiya. Chichitikireni ngozi ija, mawu amene amatuluka pakamwa pake ndi eya ndi ayi basi. Inu simukuona?"

"Ndikuona ulesi. Lole ija inapha mnzake, iye anangosupuka chigongono. M'malo mothokoza kuti ali moyo, wadzitsekera ngati nkhuku yofungatira. Ine bambo anga atamwalira ndinali wamng'ono kuposa iyeyu, koma ntchito sindinajombe. Mwamuna salira."

"Nanga akulira? Akanakhala kuti akulira, bwenzi ine ndikupeza tulo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndamva m'mimba ndine, ndatsekula, ndakafuna thandizo."

"Chitseko eti? Chabwino. Nanenso nditsekula changa."

Anasolola sikuludiraiva m'thumba la ovolosi n'kulunjika kuchipinda cha mnyamatayo. Sanagogode. Chitsekocho anachiika yekha, choncho ankadziwa pochigwira. Anamasula mahinjesi, n'kuchinyamula chonse, kukachitsamiritsa kukhoma.

Chisamba anali atakhala pabedi, atavala juzi ya kusukulu, maso ali pansi. Chiyambireni ali wakhanda ankangomuitana choncho, mpaka dzina la m'kaundula linatsala la aphunzitsi okha.

"Dzuka. Lero ukupita kusukulu," anatero bambo ake, uku akumasula lamba. "Mtengo timawongola ukadali wanthete."

Mnyamatayo anadzuka pang'onopang'ono. Anavula juzi ija, naipinda bwinobwino, naiika pa pilo. Kenako anatembenukira kukhoma, n'kusanjika zikhatho zonse ziwiri pamenepo, kudikira.

Dzanja la Mmisiri linauma m'malere. Mwana ameneyu kale akangomva chitsulo cha lamba chikulira ankakhala ali kale kuseri kwa mpanda. Lero wapereka yekha msana, msana wake woonekera nthiti, ngati munthu amene wakhala akuyembekezera chikwapu nthawi yaitali ndipo akudabwa kuti chachedwa kuti. Bamboyo anatsitsa dzanjalo. Anabwezera lamba m'chiuno, naphonya kabowo kawiri, n'kutuluka osamwa ndi tiyi yemwe.

Patapita masiku angapo, ali kushedi kwake akuwotcherera geti, anaona mapazi a munthu ataima patali pang'ono ndi mbaliwali za moto. Anakweza magalasi akuda aja. Anali mayi wamfupi, wa imvi zoyambirira, atanyamula mpando wachitsulo wothyoka mwendo.

"Mwaswera bwanji, bambo? Mpandowu ndi wothyokadi, koma ndisakunamizeni, ndabwera ndi ziwiri. Ndine uja akazi anu amabwera kwa ine ndi Chisamba."

Mmisiri anayang'ana uku ndi uku, kuopa kuti okonza matayala a pafupi angamve.

"Mwana wanga si wamisala, mayi."

"Si wamisala. Pamenepo tagwirizana kale."

"Nanga akudwala chiyani? Wakuuzani chiyani?"

"Zimene mwana amanena m'chipinda changa zimakhala zake, pokhapokha moyo wake utakhala pa chiswe. Zimene munganene inu zidzakhalanso zanu. Koma chimene ndingakuuzeni n'chakuti wasenza katundu wolemera, ndipo ine ndi mayi ake tagwira mbali ziwiri zokha. Mutu umodzi susenza denga. Ngakhale iwiri, denga lake likakhala ili."

"Ine ndimadziwa zitsulo. Zoyankhulayankhula sindizitha."

"Ndiye mudzangobweretsa mpando. Mipando ilipo itatu, anthu tikhala anayi."

Anausiya pomwepo n'kumapita. Mmisiri anayang'ana mpandowo nthawi yaitali. Anafuna kuuponya pamulu wa zitsulo zakutha, koma dzanja la mmisiri silimvera mkwiyo. Pofika madzulo mwendo unali utalumikizidwa, atapala ndi kupaka penti.

Tsiku la uphungu analawirira, kuti akangopereka mpando n'kubwerera. Kachipindako kanali kumapeto kwa khonde lalitali, kupitirira polandirira mankhwala. Munalibe bedi kapena jakisoni. Munali kapeti yakale, windo lotsegula, jagi ya madzi ndi makapu, ndi duwa lobzalidwa m'chitini cha penti. Tebulo linakankhidwira pakona, kuti pasakhale kanthu pakati pa anthu.

"Tauyesani nokha, ndione ngati walimba," anatero mayi wa uphungu uja.

Anakhalapo. Ndipo atakhala, kudzuka kunavuta.

"Akazi anu ndi mwana sanafike. Tandiuzani, bambo, tsiku la ngozi lija inu munali kuti?"

"Kushedi. Anabwera munthu akuthamanga, akuti ana awiri agundidwa pakhona paja. Ankachokera kusukulu pa njinga, wanga akupalasa, mnzake ali pakaliyala. Mnzakeyo ankamutcha Wayilesi, chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka. Akabwera kwathu, ngakhale galu ankasamuka." Anatsala pang'ono kumwetulira, koma anadzigwira. "Ndinamupeza wanga kuchipatala kuno, alibe malaya, magazi thupi lonse. Nditamufufuza ndinapeza kuti magaziwo si ake."

"Munamuuza chiyani?"

"Zimene bambo aliyense akananena. Mumawadziwa anthu, mayi. Wopalasa anali iyeyo. Abale a malemu akanamuloza chala, apolisi akanamupotoza mawu. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa, asauze munthu aliyense kalikonse. Tsiku lomwelo ndinamukweza basi kupita kwa mchimwene wanga, anakabwerako maliro atatha. Pakhomo pa anthu aja ndinamuletsa kupondapo."

"Munali ndi mantha."

"Ine mantha?"

"Munkamuteteza."

"Eya. Zimenezo."

"Nanga zimene anaona tsikulo, alipo anamufunsa?"

"Azionerenji kawiri? Madzi akatayika sawoleka."

"Sawolekadi. Koma amene ananyowa nawo, tikamuletsa kuvula zonyowazo, amadwala chibayo."

Nthawi yomweyo mkazi wake analowa ndi Chisamba. Mayi wa uphungu anawauza lamulo la m'chipindamo: wina akamayankhula, ena adikire mpaka amalize, ndipo akakhala chete, adikirebe. Kenako anafunsa mnyamatayo ngati pali chimene angakonde kunena, n'kupinda manja pamiyendo.

Chete amene anagwa mmenemo Mmisiri anali asanamuonepo. Ankadziwa chete wa anthu okwiyirana, ndi chete wa ana pamene bambo alowa. Uyu anali wina. Mayiyo sankayang'ana wotchi, sankatsokomola, sankakankha mwanayo ndi maso. Anangokhala ngati munthu amene wagwirira mnzake chitseko kuti adutse ndi mtolo, ndipo alibe kwina kothamangira. Bamboyo thukuta linali kamukamu. Kawiri konse anatsegula pakamwa, mkazi wake n'kumuponda phazi.

Chisamba sananene kanthu tsiku limenelo. Koma potuluka, anakweza maso kamodzi n'kuyang'ana bambo ake, ngati akufuna kutsimikiza kuti ndi iwodi akhala pampandopo.

"Mwaona? Chetechete sautsa nyama," anadandaula Mmisiri pakhomo. "Tataya tsiku."

"Nyama yovulala sitiiutsa, bambo, timaidikira ituluke yokha. Ndikupatseni ntchito ziwiri. Mukabwezeretse chitseko chija, mwana asowa pobisa nkhope. Ndipo tsiku lililonse mukhale naye pang'ono, osamufunsa funso, osamulangiza."

"Ndiye tizitani?"

"Muzingokhala."

Chitseko anabwezeretsa tsiku lomwelo. Ntchito yachiwiri ndi imene inamutulutsa thukuta. M'mawa mwake anagogoda, kugogoda m'nyumba yake yomwe, n'kunena kuti kushedi kukufunika wogwirizira felemu ya windo. Chisamba anatuluka n'kumutsatira. Ankagwira chitsulo, bambo ake akuwotcherera, onse atatembenuza nkhope. Masana ankakhala pa benchi, kugawana buledi ndi tiyi wa m'fulasiki. Malangizo ankabwera mpaka pammero pa Mmisiri, iye n'kuwameza pamodzi ndi bulediyo.

Pongokhala chomwecho anayamba kuona zimene sankaziona. Lole ikamadutsa pamsewu, zala za mnyamatayo zinkafinya chitsulo mpaka kuyera. Akamasamba m'manja ankachedwa pampopi, kutsuka ndi kutsukanso zikhatho zoyera kale. Ndipo madzulo alionse akamabwerera, akafika pamphambano yopita kwa mayi ake a Wayilesi, mapazi ake ankazengereza, khosi likutembenukira komweko, kenako n'kuwerama n'kupitirira.

"Mwana uja akufuna kunena kanthu," anauza mkazi wake tsiku lina akuvula nsapato. "Kamafika pamilomo n'kubwerera."

"Lero mwaona ndinu?"

"Musandiseke, mayi a Chisamba."

"Sindikuseka. Ndikuthokoza."

Anapitanso ku uphungu kachiwiri, osamva kanthu. Ulendo wachitatu kunali mitambo, ndipo m'kachipinda muja munali kamdima kozizira. Atakhala onse, mayi wa uphungu anatembenukira kwa Mmisiri.

"Bambo, Chisamba wandilola kukufunsani funso limodzi m'malo mwake. Za tsiku lija sanandiuze ngakhale liwu limodzi. Nthawi zonse ndikamufunsa amangoti, bambo anandiletsa. Ndiye funso lake ndi ili: kodi lamulo lija lidakalipo?"

"Lamulo liti?"

Anayankha ndi mnyamatayo, mawu ake osasa ngati chitseko chimene chakhalitsa osatsegulidwa.

"Munati nditseke pakamwa. Munati ndisauze munthu aliyense kalikonse. Sindinauze munthu, bambo."

Mmisiri anagwira mutu. Mawu amene iye anawaponya pakhonde la chipatala ali wosokonezeka, n'kuwayesa atha ntchito mawa lake, mwanayu anawatola n'kuwasunga masabata onsewa. Iye ankati mwana wasanduka wosamvera, chikhalirecho mwanayo akufa ndi kumvera.

"Lamulo limenelo latha," anatero. "Yankhula, mwana wanga. Zonse."

Chisamba anayang'ana zikhatho zake.

"Lole ija inatipanikiza pakhona. Ndinakhotera kudothi koma inatikola ndi kumbuyo. Nditadzuka ndinamupeza mu ngalande. Mutu unali utang'ambika apa. Anthu anabwera ambiri, bambo, anatizungulira. Ndinkati tithandizeni, imitsani galimoto. Ena anakweza mafoni kumatijambula. Wina anati musamugwire, mudzayankha mlandu. Magalimoto ankachepetsa liwiro, kuyang'ana, n'kupitirira. Ndiye ndinavula malaya n'kutsindira pabalapo, monga anatiphunzitsira kusukulu. Mutu wake ndinauika pamiyendo panga."

Mayi ake anagwira pakamwa. Mayi wa uphungu anawakhudza bondo, ndipo anadikira.

"Ankayankhulabe. Anati, aise, iwe kupalasa ngati nkhalamba yopita kuchigayo, lero wathamangira kuti? Kenako anandiona ndikunjenjemera, anati usapuse, si iwe, ndi lole, ndaiona ndi maso anga. Anati akumva kuzizira. Ndinamukumbatira. Kenako anati, lero uyankhule ndiwe, mabatire anga atha."

Mnyamatayo anapukuta zikhatho pamaondo, n'kupitiriza.

"Ine sinditha kuyankhula ngati iyeyo. Koma ndinayankhula. Za mpira, za aphunzitsi a masamu, za mtsikana wina amene ankamufuna. Ndinamuuza kuti galimoto ikubwera, ili pafupi, ngakhale kunalibe. Ndinkaopa kuti ndikasiya kuyankhula achita mantha. Ndinayankhulabe mpaka bambo wina anandigwira phewa, anati mwanawe, wapita kale."

Mmisiri ankayang'ana mwana wake ngati akumuona koyamba. Uyu ndi yemwe uja ankathawira kuseri nkhuku ikamaphedwa? Uyu ndi amene iye ankamunena kwa anzake kuti anatengera mtima wofewa wa kuchikazi? Anayesa kudziika yekha mu ngalandemo, pa msinkhu umenewo, mutu wa mnzake uli pamiyendo, ndipo sanadziwe ngati akanakhala kapena akanathawa. M'nyumba mwake, kuseri kwa chitseko chimene anachizula ndi ukali, munkagona munthu wamkulu chonchi, iye osadziwa.

"Unali wekha?" anafunsa motsitsa.

"Anthu analipo ambiri."

"Ndikunena amene anagwada pansi."

"Ndinali ndekha."

Kunja mvula inayamba kuwaza pamalata.

"Pali china," anatero Chisamba. "Asanatope anandituma. Anandipatsa mawu oti ndikawauze mayi ake. Anandigwira dzanja, anati ulonjeze. Ndinalonjeza. Koma inu munati ndisakapondeko. Ndikati ndimvere inu, ndamunamiza iyeyo. Ndikati ndimvere iyeyo, ndanyoza inu. Ndikagona amabwera, amati aise, wakanena? Tsiku lija munabwera ndi lamba ndinati mwina mukandimenya zichepako."

Mmisiri anatsika pampando uja. Sanadziwe kuti watsika liti, anangopezeka maondo ali pakapeti, manja ake okhakhala atagwira manja a mwana wake.

"Wolakwa ndine. Ndinatseka chilonda mafinya ali m'kati. Dzuka, tiye pompano."

"Pang'onopang'ono, bambo," anatero mayi wa uphungu. "Mayi ajanso ndi munthu wovulala, sitingangowagwera ngati mvula. Wina ayambe wakawafunsa ngati ali okonzeka kumva. Ndipo Chisamba, ukakanena mawuwo si ndiye kuti zonse zatha. Padzakhala masiku ena olemera. Uzibwerabe kuno, ndipo ukakonzeka tidzakambirana ndi aphunzitsi za kubwerera kusukulu. Wamva?"

"Ndamva."

Amene anapita kukafunsa anali mayi a Chisamba. Anabwerako maso ali ofiira, ndi yankho lalifupi: abwere.

Loweruka masana, bambo ndi mwana anakhota pamphambano paja. Mmisiri anavala malaya a kolala ngati akupita kukhoti. Mayi ake a Wayilesi anali telala, ankasokera m'chipinda cha kumaso. Anawapeza atakhala kuseri kwa makina, nsalu ili pansi pa singano koma phazi lili duu. Anali ataonda, mpango utamangidwa mosasamala. Pansi panali tizidutswa ta nsalu tosasesa.

Anayang'ana Chisamba nthawi yaitali.

"Watalika," anatero. "Kapena ndi kuonda. Ndinkati nawenso wandithawa chifukwa anakuuza zimene ndinamunena."

"Ayi, mayi."

"M'mawa umene uja ndinali ndi madiresi a ukwati osatha, mutu ukundiwawa, iye ali pamenepo pamene waimapo, kulongolola za zii. Ndinamukalipira. Ndinati tatseka pakamwa kamodzi, ndatopa nalo phokoso lako, choka ndipumeko. Anatuluka osadya. Ndinathamangira pakhomo kumuitana, sanacheuke." Anasisita gudumu la makina ndi chala. "Ndinapempha kupuma, ndapatsidwa. Tamverani mmene mwakhalira chete muno."

Chisamba anayandikira, n'kugwada pambali pa makinawo. Mmisiri anatsala pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Mayi, ndinali naye mpaka pomaliza. Anandituma kwa inu. Pepani ndachedwa nawo mawu ake."

"Anakutuma?"

"Anati, ukawauze amayi kuti m'mawa muja ndinamva akundiitana. Ndimangochita dala, kuti madzulo adzandinyengerere ndi kankhuku. Uwauze sindinakwiye. Uwauze kuti wayilesi yabwino ndi yaphokoso, asagule ina."

Mayiwo anatulutsa mawu amene Mmisiri sanadziwe ngati ndi kuseka kapena kulira. Zinali zonse ziwiri, zitatulukira pamodzi.

"Ndi iyeyo! Mayo ine, ndi iyeyo ameneyo! Palibe angapeke zimenezo. Nenanso, mwanawe. Nena mmene ananenera."

Ananenanso, ndipo ulendo uno anatsanzira ndi mawu ake omwe, kukweza phewa limodzi monga ankachitira mnzakeyo. Mayiwo anamugwira manja n'kuwatembenuza.

"Manja awa ndi amene anamugwira?"

"Eya."

"Sanafe yekha ngati galu pamsewu? Anthu anandionetsa chithunzi pafoni, ndinakana kuyang'ana. Usiku uliwonse ndimamuona ali yekha."

"Sanali yekha. Mutu wake unali apa. Ndinkamuyankhula."

Mayiwo anaika nkhope yawo m'zikhatho za mnyamatayo, ngati munthu waludzu amene wapeza kasupe. Pamenepo Chisamba anagonja. Kulira kumene kunakhala kukusonkhana masabata onse aja kunatuluka ndi mphamvu, mapewa akugwedezeka, ndipo mayi wofedwayo ndi amene anamukokera pachifuwa n'kumamusisita msana, akuti lira mwanangu, lira, wafikitsa.

Mmisiri anaima pomwepo, misozi ikutsikira m'ndevu, osaipukuta. Iye ankayembekezera kutukwanidwa, mwina kuthamangitsidwa ndi sizasi. Koma apa ankaona mawu ochepa chabe, onyamulidwa ndi mwana, akudzutsa munthu wamkulu amene anali atafa kale m'kati. Anachita mantha, mantha aulemu, ngati amene amagwira munthu akalowa pamalo opatulika mosadziwa.

Patapita nthawi mayiwo anakweza maso.

"Bambo a Chisamba, munkaopa kuti ndimudya mwana wanu?"

"Ndinkaopa, mayi. Ndilibe chonamizira."

"Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukanabwera naye tsiku lomwe lija, magazi aja ndikanamusambitsa ndi manja anga. Mwandisunga mumdima nthawi yaitali, bambo."

"Ndikhululukireni."

"Ndikhululuka, koma osati lero lomwe. Lero lowani mukhale pansi, musaime pakhomo ngati mwabwera kudzayeza windo. Ndipo mayi ajawa amene akuthandizani, mukawafunse ngati amalandiranso anthu a msinkhu wanga."

Anatuluka dzuwa litapendeka. Mvula ya dzulo lake inali itasiya timadzi m'maenje a mumsewu, ndipo ana ankaponyamo miyala. Anayenda kamtunda. Kenako Chisamba anapukuta mphuno ndi mkono, n'kuseka pang'ono yekha.

"Bambo, mukudziwa chimene Wayilesi anachita tsiku lina pa asembule?"

"Anatani?"

"Ahedi anati aliyense amene ayankhule atuluke kutsogolo. Iye anakweza dzanja, anati pepani, nditulukiretu, chifukwa ndikudzidziwa."

Mmisiri anaseka mpaka kutsokomola. Mnyamatayo anapitiriza. Nkhani ina inabala inzake, ya mbuzi imene inalowa m'kalasi, ya mayeso amene Wayilesi anayankha funso limodzi ndi masamba anayi. Mawu ankatuluka mopunthwapunthwa, nthawi zina n'kuima pakhosi, ndipo bamboyo ankadikira mpaka abwerere.

Atafika pamphambano, nyumba yawo inali kuoneka, utsi ukukwera kuseri kwa mpanda. Chisamba anali pakati pa nkhani ya mbuzi yachiwiri. Mmisiri anayang'ana kunyumbako, n'kuyang'ana mwana wake, kenako anakhotera kumanzere, kunjira yozungulira ya kubwalo la mpira.

"Bambo, kwathu ndi uku."

"Ndikudziwa. Ndiye mbuziyo inatani?"